Dzina Sindinatchule

Lolemba, 7 Epulo 2025

Mvula yatsanzika. Njira ya ku kiliniki youma, tcheni cha njinga sichinaguluke ngakhale pa chikweza. Zikomo Ambuye.

Lero chaka chakwana chiyambire ntchito iyi. Palibe wakumbuka, ine ndekha. Chaka chatha ngati lero ndinabwera kuchokera ku maphunziro ku boma la Chama, mantha ali tho. Manje kuno kwa Chikwa amatitcha "a maganizo", ine ndi Jeremy. Iye anyamata, ine atsikana. Ofesi yathu ndi benchi pansi pa mtengo wa msikili, kuseri kwa kiliniki, kumene a pa mzere wa sikelo sationa. Otiyang'anira ndi asista Hazel, anesi ochokera ku Chipata. Chisenga chathu amachilankhula ngati akutafuna mchenga, mtsinje sawoloka ndi mapazi olo uphwe, koma mtima wawo ndi wabwino.

Ntchito yake ndi kukhala pansi ndi kumvetsera. Amuna anga a Aaron amaseka mpaka lero. Ati, "Amake Purity, amene anakusankhani pa ntchito yomvetsera sanakupezenipo pa chitsime." Sakunama.

Damaris wa kwa a NyaZimba wabweranso. Mtsikana wamtali, anamaliza sukulu chaka chatha. Mlongo wake Abel anamira pa dooko mu Febuluwale, madzi atasefukira, akuwoloka ndi njinga. Mudzi unalira, unatonthola, unabwerera ku minda. Iye tulo tinamuthawa. Amabwera, amakhala kumapeto kwa benchi, amathyola timitengo. "Eya." "Iyayi." Basi. Koma lero ponyamuka anati, "Anti, Lachitatu mudzakhalapo?" Funso limenelo landidyetsa tsiku lonse.

Mpunga ku dambo wayamba kufiira. Mbalame zadziwa kale.

Lachitatu, 9 Epulo

Walankhula.

Anayamba ndi nyengo, ine ndinangovomera. Kenako zonse zinatuluka, mutu uli pansi. Tsiku lija iye anali kutsidya, ku chigayo. Mvula inayamba, thumba la ufa lolemera. Anabwereka foni, namuimbira Abel kuti abwere ndi njinga. Abel anati madzi achuluka. Iye anati, ndiwe mwamuna wanji woopa madzi. Mawu omaliza amenewo. Palibe akudziwa. Amake amaganiza kuti mnyamata ananyamuka yekha pa zake.

Vesi linafika pa lilime, ndinalimeza. Ndinafunsa funso lija anatiphunzitsa kufunsa mosazungulira, ngati amaganizako zodzichotsa moyo. Anati nthawi zina amayang'ana mabotolo a mankhwala opopera thonje amene ali pa tsindwi la khitchini. Ndinamuuza kuti ili lokha sindingalinyamule ndekha, asista ayenera kudziwa. Anavomera. Asista Hazel anakhala naye m'kachipinda kawo, pambuyo pake tinamuperekeza kwa atsibweni ake a Justin. Iye yekha anawauza kuti mabotolo aja sakuwafuna pa nyumba. A Justin sanafunse kalikonse, anakawatenga nawatsekera m'bokosi lawo la loko. Anthu ena Mulungu anawapatsa pakamwa paulemu.

Za foni asista sakudziwa. Damaris anati zimenezo zikhale kwa ine ndekha. Ati, "Lumbirani, Anti." Ndinati Mkhristu salumbira, inde wanga ndi inde.

Ndabwera kunyumba ndikuimba pa njinga. Nkhani yowawa chotere, ine n'kumaimba. Koma mwana watula katundu, ndipo wamutulira kwa ine.

Ndiwo nkhwani wotendera. Purity wang'ambanso yunifomu pa mkono.

Lachinayi, 10 Epulo

Umanyano wa azimayi ku tchalitchi. Tinali ambiri, mabulauzi oyera mbee, ngakhale ena anachoka msanga kukalinda mpunga. A NyaGoma, atsogoleri athu, anawerenga za kunyamulirana zothodwetsa. Mawu anandilowa ngati alembera ine.

Pa nthawi ya zopempha mtima wanga unali wodzaza ngati mtsuko. Ndinaimirira. Ndinati tikumbukire mwana wina wamkazi pakati pathu amene sagona, amene akudziimba mlandu pa imfa ya mbale wake, kuti Ambuye amumasule. Dzina sindinatchule. Azimayi anabuula onse pamodzi, "Eee, Ambuye." Tinagwada. Pemphero la lero linali ndi moto, ena analira.

Ndinatuluka wopepuka. Ntchito ya ku msikili ndi ya ku tchalitchi lero zagwirana manja. Pobwerera a NyaGoma anandigawira nzimbe, tinatafuna njira yonse tikuseka za mbuzi ya abusa imene inadya maluwa a pa guwa.

Tsiku labwino.

Lamlungu, 13 Epulo

Ambuye, ndachita chiyani.

Titatuluka m'tchalitchi a NyaGoma anandikokera pambali, nkhope yowala. Ati, "Ntchito ija tagwira dzulo." Ndinati ntchito iti. Anapita kwa a NyaZimba. Gulu lonse, m'mayunifomu, akuimba kuyambira pa msewu. Ananyamula nkhuni, ufa, mchere. Anayala mphasa pabwalo, anamukhazika Damaris pakati, manja onse pamutu pake. Ana a m'mudzi ali ndandanda pa mpanda kuonerera. Wina anati ndi mzimu wa m'madzi. Wina anamugwira chibwano, ati, "Ulula, mwana, mlandu wake ndi wotani?" Atatha amen Damaris anaimirira napita.

Ndinafunsa kuti anadziwa bwanji, ine dzina sindinatchule. A NyaGoma anandiyang'ana ngati ndafunsa kumene dzuwa limatulukira. Ati, "Amake Purity, m'mudzi muno ndani wina wataya mlongo chaka chino, n'kumayenda ku mtengo wanu uja?"

Ndinathamanga ndi nsapato za tchalitchi mpaka kwa a Justin. Bokosi lotseka, mabotolo onse alimo, ndinaona ndi maso anga. Damaris ali ku dambo, pa chilindo cha mpunga wa atsibweni ake, akugona kumeneko ndi msuweni wake Monalisa. Sali yekha. Apo ndinapumako.

Azimayi sanalakwe. Anamva kuti mwana akuvutika, ananyamula nkhuni. Ndimo mmene timakondera kuno. Wolakwa ndi amene anatsegula chitseko.

Ndipo ndinene zoona pano. Mulungu ankadziwa kale za Damaris. Nanga Lachinayi lija ndinkauza ndani? Ndinafuna a NyaGoma ndi anzawo aone kuti ine Peggy ndimanyamula zolemera, kuti pa benchi paja sitimangocheza. Ndinaveka kunyada bulauzi yoyera.

Nsima yandikanika.

Lolemba, 14 Epulo

Ndinawauza asista Hazel asanatsegule n'komwe kabati ya mankhwala. Za foni sindinatchule, ndinangoti ndinanena zoti akudziimba mlandu. Anapitiriza kusamba m'manja, nthawi yaitali, ngati sopo ndi waulere. Ndinafuna andikalipire. Sanatero. Ati, "A Peggy, chinsinsi si dzina chabe. Kumudzi munthu amadziwika ndi maliro ake." Kenako, "Kupemphera sindikuletsani. Koma Mulungu wanu si wogontha."

Ntchito sanandichotse. Ndinkaopa zimenezo usiku wonse, ndipo ndachita manyazi kuti ndinaziopa pafupifupi mofanana ndi za mwanayo. Koma ku dambo andiletsa kupita mpaka Damaris yekha atandiitana. Anakwera kumbuyo kwa njinga ya Jeremy, atagwira chishalo ndi manja onse, kukamuona okha. Anabwerera matope mpaka m'mawondo. Anangoti, "Ali moyo, akudya, wakwiya. Kukwiya si koipa."

Jeremy sanandiseke, ngakhale amaseka chilichonse. Anandipopera tayala la kumbuyo osapemphedwa.

Kunyumba a Aaron ati, "Lero nkhuku zikumveka pa bwalo pano, mwadwala?" Ndinati ndalakwira munthu ku ntchito. Anadikira nkhani yonse. Sinabwere. Anadabwa kwambiri, mpaka anandigwira pamphumi.

Lachitatu, 16 Epulo

Kumapeto kwa benchi kopanda munthu.

Atsikana ena anabwera, ochepa. Mbalame zatenga theka, theka lina mwina ndine. Vivian, uja anabereka akali pa sukulu ndipo ankalira tsiku ndi tsiku mwana atabadwa, anandifunsa pamaso. Ati, "Anti, za inenso mumakazinena ku umanyano?" Nkhope inandipsa. Ndinati za iwe sindinanenepo, koma zimene wamva n'zoona, ndinalakwa, ndipo ukafuna kulankhula ndi asista m'malo mwa ine sindikwiya. Anaganiza, anasintha bere, ati, "Asista Chisenga chawo chimandipweteka mutu." Anakhala. Tinakamba za apongozi ake. Mwana wake wayamba kukwawa chambuyo, tinaseka mpaka misozi.

Kutsidya kwa bwalo Jeremy ndi anyamata ake akumata machubu a njinga. Ndimo mmene amagwirira iye. Ati mnyamata salankhula ukamuyang'ana m'maso, umupatse chubu ndi beseni la madzi. Ndinkawaona milomo ikuyenda, maso onse ali pa thovu. Ntchito iyi ndimaikonda, Ambuye. Ngakhale lero.

Sopo watha kunyumba. Ndachapa ndi kachidutswa ka m'bafa.

Lachisanu Loyera, 18 Epulo

Ulaliki wa Petro pa moto. Iye anachimwa pokana kuti sakumudziwa munthu. Ine ndachimwa posonyeza kuti ndikumudziwa kwambiri. Tambala ndi yemweyo.

Potuluka a NyaZimba anandigwira dzanja ndi manja awiri. Kuthokoza! Ati chichitikire maliro palibe anabwera kudzaimba pa nyumba pawo, anthu anaiwala, ndipo Loweruka lija anamva ngati Abel akumbukiridwanso. Misozi ili m'maso. Ndinasowa poyang'ana. Chimene chavulaza mwana chatonthoza make. Zimenezi ku maphunziro sanatiuze.

Kenako anatsitsa mawu. Ati, "Koma mlandu umene akudziimba mwanayu ndi wotani? Inu mukudziwa." Ndinati funso limenelo si ine woyankha. Anandiyang'ana, anasiya dzanja langa pang'onopang'ono. Ndili pa njira ndinazindikira kuti ngakhale yankho limenelo lanena zambiri. Mphika ukang'aluka, olo uwugwire mwaulemu bwanji, umadontha.

Damaris ndamupempherera. Mumtima, ndikusenda chinangwa. Poyamba zinkamveka ngati sindinapemphere.

Loweruka, 19 Epulo

M'mawa Monalisa pa khomo, mame ali m'miyendo. Ati Damaris akuti mubwere ku dambo, koma musanyamule kanthu, olo Baibulo.

Chilindo chili pakati pa mpunga, nsanja ya mitengo, denga la udzu. Kuchokera pamenepo zingwe zapita mbali zonse za munda, zitini zili lende. Mbalame zikabwera ngati utsi, umakoka chingwe, zitini n'kulira, iwe n'kukuwa. Ndinakwera movutika, chitenje chinakodwa. Damaris sanandilonjere. Anangondipatsa chingwe cha kum'mawa.

Tinalinda. Dzuwa linakwera. Ine mawu onse amene ndinakonza pa njira ali pakhosi, koma mwini nyumba ndi iye. Mbalame zitachoka kachikena anafunsa, maso ali ku munda, "Za foni munanena?" Ndinati iyayi, kwa munthu aliyense. Ati, "Lumbirani." Ndisanayankhe, ati, "Iyayi, lekani. Inde wanu ndamuona."

Zinalowa. Ndinati ndinalakwa, Damaris. Unandisungitsa chinthu, ndinachitulutsa pa gulu. Mawu oti "koma" anali pafupi, koma dzina sindinatchule, koma ndinafuna zabwino. Ndinawaponda.

Mbalame zinabweranso. Tinakoka, tinakuwa. Ine ndinakuwa ndi chifuwa chonse mpaka a munda woyandikana anadzuka kuyang'ana. Damaris ati, "Mawu muli nawo, zoona." Sanaseke, koma mlomo unagwedezeka.

Pambuyo pake anafotokoza yekha. Ati anamugwira mutu ngati akusankha dzungu pa msika, uyu kukankha uku, uyu uko, wina mpweya wa usipa. Ati chomuwawa si manja. Ndi maso a amake, amene manje amamutsata pa bwalo ngati akufuna kufunsa. Ndi chifukwa chake akugona ku dambo.

Pomaliza ati, "Kwa asista ndizipita. Kwa inu iyayi." Ndinati wasankha bwino, ndipo chofunika n'choti uzipita. Pakamwa panatero. Mtima unagwa ngati dzira.

Anandisunga mpaka masana chifukwa Monalisa anapita kukaphika. Ndabwera mawu atasasa, khosi lopsa ndi dzuwa. Koma wandiitana, wandinyoza pamaso, ndipo Lachitatu akupita ku kiliniki. Ndagona masana ngati mwana.

Lamlungu la Pasaka, 20 Epulo

Wauka. Kwaya inaimba bwino, ine ndinangoyendetsa milomo, mawu kulibe. A Aaron ati mbalame za kwa a Justin zachita chimene iwo analephera chikwatirane.

Nkhuku yathu yakuda, ndi mpunga watsopano wa kwa alamu. Fungo lake mpaka ku msewu. Purity anadya mpaka kugona pa mphasa.

Lachitatu, 23 Epulo

Wabwera. Anadutsa pa msikili, anaweramira pang'ono, "Mwauka bwanji, Anti," mwaulemu wonse ngati kwa mlendo. Analowa kwa asista, chitseko chinatsekedwa.

Anakhalamo nthawi. Ine pa benchi ndi Vivian, khutu limodzi kwa Vivian, lina ku chitseko. Ndinamva kuseka kamodzi. Nsanje inandiluma, ndivomere. Ine ndinadikira masabata onse aja a timitengo, wina n'kudzakolola kuseka. Ndinadzigwira, ndinabweza khutu kwa mwini wake. Vivian akufuna kubwerera ku sukulu, akuopa kuuza apongozi. Tinayeseza, ine kukhala apongozi. Ati ndimakhoza kwambiri, ndikuopsa kuposa eni ake.

Potuluka Damaris maso ofiira, koma akuyenda mowongoka. Asista sanandiuze kanthu, nanenso sindinafunse. Ndimo mmene ziyenera kukhalira, ndipo zikuwawa.

Njovu zinadutsa m'munda wa chimanga kumunsi dzana, anatero a ku Chifunda obwera ku sikelo. Kuno sizinafike. Zikomo.

Lachinayi, 24 Epulo

Umanyano. Ndinavala bulauzi.

Monga ndinkaopa, a NyaGoma pa zopempha ati, "Amake Purity, mwana uja ali bwanji? Tipitenso Loweruka?" Maso onse kwa ine. Ndinaimirira. Ndinati azimayi anzanga, munachita mwa chikondi, wolakwa ndine. Zimene ana amandiuza pansi pa mtengo uja si zanga, ndinabweretsa pano katundu wa mwini osapempha. Za iye simudzamvanso kwa ine, zabwino kapena zoipa. Ndikupempha tisapitenso pa nyumba ya munthu ndi gulu asanatiitane. Mukakumana naye mulonjereni ngati mwana wina aliyense.

Kenako a NyaGoma, "Ndiye manje pemphero lakhala la kuseri ngati mankhwala a ng'anga?" Ena anaseka. Ndinati Iye amene amaona mseri ndi amene anatiuza kutseka chitseko. Anangotsegula buku la nyimbo mwamphamvu. Pobwerera nzimbe sanandigawire. Anatafuna okha patsogolo panga, makoko akundigwera m'njira.

Koma pa mphambano mayi wina anatsalira dala, akumanga nsapato yosamasuka. Anandinong'oneza za mwana wake wamwamuna, ngati angapite kwa Jeremy anthu osadziwa. Ndinati abwere ndi njinga yophulika tayala. Dzina lake olo pano sindilemba.

Lachitatu, 30 Epulo

Sabata ya chete. Anthu ayamba kumweta mpunga, benchi lapepuka, ine ndathandiza asista kupinda mabandeji. Amandiphunzitsa kuyeza magazi, ine ndimawakonza Chisenga. Lero anauza agogo ena kuti amwe mapilitsi "pambuyo pa kulima" m'malo mwa kudya. Tinaseka tonse, ndi agogo omwe.

Damaris anabwera, analowa, anatuluka. Wabwerera kugona kwa amake, anatero Monalisa pa chitsime ine osafunsa. Lero pa moni anawonjezera, "Purity ali bwanji?" Kadontho. Ndakasunga.

Vivian wauza apongozi ake. Sanavomere, sanakane. Ati aona mpunga ukatha.

Nsana ukuwawa. Kanjira ka kuseri kwa sukulu kamera chitedze, ndazungulira.

Loweruka, 3 Meyi

Ndikupuntha mpunga pa bwalo, mutu uli gaga yekhayekha, ndinangoona mthunzi. Damaris. Mpando anakana.

Ati akufuna kupita pa dooko. Chichokere tsiku lija sanapondepo, ku chigayo amatuma ena. Anakambirana ndi asista, asista ati ndi bwino koma asapite yekha. Ati, "Asista amaopa madzi, Monalisa amalira msanga. Mwatsala ndinu." Osati ndakusankhani. Mwatsala.

Malamulo anandipatsa ataimirira. Osaimba. Osapemphera mokweza. Osamugwira pokhapokha atagwa. Ndinavomera onse. Ndinati ndiyenera kumva kwa asista kaye, anati imbani pompano. Ndinakwera pa chulu pamene pamagwira foni, iye ali pansi akumva. Asista ati, "Pitani. Mukhale kumbuyo kwake, osati kutsogolo."

Atapita a Aaron anatulukira kuseri kwa nkhokwe, ati, "Uja si mwana wa a NyaZimba? Akufuna chiyani?" Ndinati akufuna ine. Anapukusa mutu, ati mkazi wawo anasinthidwa ku kiliniki, abweza wina.

Ndikuopa. Bwanji akafika pa madzi n'kusweka, ine n'kusowa chochita? Ambuye, mundigwire pakamwa, manja mundisiyire.

Lolemba, 5 Meyi

Tinanyamuka dzuwa litatuluka, iye patsogolo.

Mtsinje waphwa. Mchenga mbee uku ndi uku, madzi kamzere chabe pakati. Anaima pa gombe nthawi yaitali. Ati, "Ndi pati?" Ndinaloza pafupi ndi mizu ya mkuyu, pamene amuna anapeza njinga. Anavula masilipasi, anawagwira m'manja, anatsika. Analowa m'madzi. Ofika m'akakolo. Tinsomba tikuthawa mapazi ake.

Anatembenuka, ati, "Madzi ake ndi awa? Awa?"

Kenako anandifulatira nayamba kulankhula. Osati kwa ine. Mawu ankafika, ndipo khutu langa linayamba kutola. Ndinabwerera m'mbuyo mpaka pamene ndinkamuona koma osamva. Pemphero linadzaza m'kamwa, ndinaluma ngodya ya chitenje. Liwu limodzi lokha linandipeza chifukwa analikuwa, "Chitsiru!" Kaya Abel, kaya mtsinje, kaya iye mwini. Mapewa anagwedezeka. Anagwada m'madzi momwemo, siketi yonse kunyowa. Miyendo yanga inayamba yokha kupita, ndinaiimitsa. Kugwada si kugwa.

Atatha anasamba kumaso, anatuluka. Ndinatsika kukamupatsa chitenje changa chapamwamba, nanenso ndinanyowa. Analandira.

Pobwerera, pa kanjira kopapatiza ka m'bango, a NyaGoma, mtolo wa mpunga pamutu. Pothawira palibe. Ati, "Mwachokera kuti awirinu, miyendo yonyowa?" Funso kwa ine, maso kwa ine. Kunama sindingathe, kunena sindingathe. Ndinaima ngati chitsa. Thukuta. Ndinamva Damaris akundiyang'ana kumbali, akudikira. Chete uja anatalika mpaka a NyaGoma anasuntha mtolo.

Anayankha ndi Damaris. Ati, "Tinapita pamene anamira Abel, amama. Ndinafuna kuonapo." Mawu osanjenjemera. A NyaGoma ati, "Pepa, mwana wanga." Analowa m'bango ndi mtolo wawo kutipatsa njira.

Pa mphambano ya kwawo anaima. Ati, "Anti, apa bwererani. Ndili ndi nkhani ndi amama anga." Ndinati ndikuperekeze? Ati iyayi. Ndinati ukafuna munthu pambuyo pake, asista alipo, atsibweni ako alipo. Ati, "Ndikudziwa kumene muli nonse." Nonse. Anapita, chitenje changa chili m'chiuno. A NyaZimba anali pa bwalo akupeta, ndinawaona akuika lichero pansi. Awiriwo analowa kuseri kwa mpanda.

Ndinatembenuka, ndinabwera kunyumba. Ndinadutsa pa chulu kuuza asista kuti tabwerako bwino ndipo mwana ali kwa amake. Ndaphika, ndatsuka, ndasoka mkono wa yunifomu. A Aaron afunsa kuti chitenje chapita kuti, ndati chili kwa munthu.

Zimene zakambidwa kuseri kwa mpanda uja sindikuzidziwa. Zikundiyabwa thupi lonse. Ziyabwe.